Khitchini ndi kadimba ka kuseri: mafunso a pakhomo ku Chiradzulu

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 356,875 m'boma la Chiradzulu, boma lomwe kukula kwake sikufika masikweya kilomita 800. Ndiye kuti pa sikweya kilomita imodzi pali anthu oposa 450, pamene m'dziko lonse chiwerengerocho chinali 186. Amene anayendapo kuchokera pa Njuli kupita ku boma, kapena m'madera a Nguludi ndi Namitambo, zimenezi anaziona ndi maso: nyumba, kamunda, nyumba, kamunda, ndi bulugamu m'malire. Nkhuni n'zogula, minda inatha kugawidwa, ndipo masamba abwino ambiri amakwera minibasi kupita ku Limbe. Pamalo otere khitchini ndi dimba siziyenera kuganiziridwa padera. Phulusa, makoko ndi madzi otuluka m'khitchini ndi chakudya cha dimba, ndipo ndiwo ndi nkhuni zochokera ku dimba zimabwerera pamoto.

Ndalama ndili nazo zochepa. Pokonza khitchini ndiyambire pati?

Yambani ndi utsi. Lowani m'khitchini mwanu masana moto utazima, muyang'ane kudenga. Ngati mitengo ya denga yada bii, mwaye ukulendewera, dziwani kuti zomwezo n'zimene mayi wophika ndi mwana wa kumbuyo amapuma tsiku ndi tsiku. Bungwe la WHO linawerengera kuti utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse m'chaka cha 2020 chokha.

Makhitchini athu ambiri amamangidwa ndi zidina zotsala pa nyumba yaikulu: khomo limodzi lalifupi, zenera palibe. Kukonza kwake sikulira simenti. Chotsani njerwa zingapo pamwamba pa khoma lomwe lili pafupi ndi moto, muboolenso zenera ku khoma loyang'anana nalo, kuti mpweya uzilowa uku n'kutulukira uko. Pakati pa khoma ndi denga musamate; siyani mpata woti dzanja lilowe. Ngati denga ndi la malata, lata limodzi loonekera limabweretsa kuwala kokwanira kuona ngati m'therere mwagwa ntchentche, koma musaliike pamwamba penipeni pa moto. Makoma azireni, ndipo mukapeza laimu apakeni. M'chilimwe, ngati kulibe mphepo yamkuntho, phikirani panja pansi pa chisakasa.

Chitetezo mbaula tinaimva kalekale. Kodi imathandizadi, kapena ndi nkhani ya mabungwe?

Imathandiza. Pa mafuwa moto umamwazika mbali zonse, mphepo n'kumauba, ndipo kutentha kofika pa mphika n'kochepa. Chitetezo mbaula ndi youmba ndi dongo n'kuotchedwa mu uvuni. Moto umakhala m'kati, dongo limasunga kutentha, mphika umakhala pa timiyendo titatu ta pamwamba. Tinkhuni tiwiri kapena titatu touma bwino, towaza mopyapyala, timakwanira. Mu 2013 boma linadziikira malire oti pofika 2020 m'dziko muno mukhale mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni, ndipo chitetezo ndi imene inafala kwambiri pa ntchitoyo. Palinso ya zidina ndi matope yomangira pamalo amodzi, yophikira miphika iwiri, monga Changu Changu Moto yomwe bungwe la Ripple Africa linafalitsa ku Nkhata Bay. Imeneyo munthu amamanga yekha.

Madandaulo a amayi nawonso ndi oona. Poto wamkulu wa nsima ya anthu khumi amavuta kuvundulira pa mbaula yaing'ono. Mbaulayo ikanyowa ndi mvula kapena ikagwa imang'aluka. Ndiponso mu June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri la Chiradzulu, ana amafuna moto wowotha, ndipo mbaula yosunga kutentha m'kati siwotheka bwino. Ambiri amathetsa vuto loyambalo poimatira mbaulayo m'kachiunda ka dothi kuti isagwedere. Mafuwa musawataye, adzagwira ntchito pa ukwati ndi pa maliro. Chachikulu n'chakuti pa kuphika kwa masiku onse mbaula ndiyo izikhala pamoto.

Za kuzizirazi pali chenjezo limodzi losafunika kulinyozera: mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka usiku. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo.

Ndiye ndikagula mbaula ana asiya kudwala chifuwa?

Apa tisanamizane. Ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu wokhudza ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumapeto kwa 2016. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zokhala ndi kafani, zotulutsa utsi wochepa kuposa chitetezo. Patatha zaka ziwiri, chibayo pakati pa ana a m'mabanjawo sichinachepe poyerekeza ndi anzawo ophikira pa mafuwa. Chimene chinachepa ndi kupsa kwa ana ndi moto. Mbaulazo zinkawonongeka kawirikawiri, anthu n'kubwerera pa mafuwa, komanso mwana amakumana ndi utsi wina wambiri: zinyalala zotenthedwa pabwalo, fodya, moto wa kwa aneba.

Phindu lotsimikizika la mbaula ndi nkhuni zochepa, nthawi yochepa yokatola, ndi ana osagwera pamoto. Za chifuwa zimafuna zonse pamodzi: mazenera aja, nkhuni zouma, kusiya kukolezera moto ndi majumbo, ndi kumupatsa wina mwana wakhanda pamene mayi akukoleza moto, poti utsi wambiri umatuluka nthawi imeneyo.

Koma utsi womwewo ndi umene umateteza mbewu pa nsanja ndi udzu wa denga. Tikauchotsa, anankafumbwe satimaliza?

Makolo sanalakwitse. Chimanga cha mbewu chopachika pamwamba pa moto sichifumbwa msanga, ndipo denga lofuchirira utsi limalimba. Komabe mbaula sichotsa utsi wonse, ndipo wotsalawo ukamakwera kupita ku mpata wa kudenga umadutsabe pa nsanjapo. Mbewu zing'onozing'ono za ndiwo, monga mpiru, bonongwe ndi luni, zimasungika bwino koposa m'botolo louma lotseka, mutathiramo phulusa losefa pang'ono. Ziumitseni pamthunzi kaye mpaka zizithetheka mukaziluma.

Nkhuni zenizenizo tizitenga kuti? Phiri linatha.

Ku Chiradzulu yankho lili m'munda momwemo: nandolo. Akamaliza kukolola, mitengo yake youma imayaka bwino m'chitetezo mbaula chifukwa ndi yopyapyala, masamba ake ogwa amanenepetsa nthaka, ndipo nyemba zake ndi ndiwo. Wa Mthawajuni amacha msanga, n'chifukwa chake alimi ambiri a kuno kummwera amamukonda. Mzere wa nandolo kapena gilisidiya m'mbali mwa mpanda wa pakhomo umapereka tinkhuni chaka ndi chaka osadula mtengo wonse. Zitsononkho nazonso zisamawolere pa dzala. Makala akukwera mtengo, ndipo chisinthireni lamulo la za nkhalango mu 2020 kuotcha kapena kugulitsa makala opanda chiphaso kuli ndi chilango chokhwima.

Chimene chimadya nkhuni kwambiri pakhomo ndi nyemba. Ziviikeni m'madzi usiku wonse. M'mawa ziwiritseni kwambiri kwa mphindi 15 kapena 20, kenako mphikawo, uli chivundikire, muukulunge m'nsalu n'kuuika m'dengu lomwe mwayalamo masamba ouma a nthochi kapena nsanza zoyera, pansi, m'mbali ndi pamwamba. Pakatha maola atatu kapena anayi zimakhala zitafewa ndi kutentha kwake komwe, mungokazingira. Kuwiritsa koyambako musakudumphe, chifukwa nyemba zosawira mokwanira zimapweteka m'mimba. Kalongonda yekha musamuyese m'dengu. Alhomwe amadziwa chifukwa chake amamuphika tsiku lonse akutaya madzi.

Pa Facebook ndimaona makhitchini a matailosi ophikira choimirira. Ndi oyenera kuno?

Kwa amene ali ndi magetsi kapena gasi, inde. Koma nsima ya banja lalikulu imafuna poto akhale pansi, wophika atamugwira mwamphamvu, mthiko ukuyenda ndi phewa lonse. Chiunda chofika m'chiuno chimathyola mkono. Chofika m'mawondo, ndi kampando pambali pake, ndicho chimagwirizana ndi kaphikidwe kathu. Kutalika kwa m'chiuno kusungireni tebulo lodulirapo ndiwo ndi mashelefu, omwe mungamange ndi zidina ndi matabwa awiri kuti ufa, mchere ndi nsinjiro zichoke pansi pomwe pamayenda nkhuku ndi makoswe. Nsinjiro makamaka zimafuna pouma, chifukwa mtedza wa chuku uli ndi poizoni amene saphedwa ndi moto.

Kunja kwa khomo kukhale thandala la mbale padzuwa, ndi mpondagiya wokhala ndi sopo kapena phulusa. Madzi akumwa akhale m'ndowa yovundikira, makamaka ya kampopi, kuti makapu asamaviikidwemo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inatikumbutsa kuti tizinthu timeneti si tokongoletsera pakhomo pobwera alangizi a zaumoyo.

Ine dimba la kudambo ndilibe, ndipo pakhomo m'pothina. Ndilima pati?

Pansi pa thandala pomwepo ndi poyambira. Madzi odontha m'mbale amanyowetsa pamenepo chaka chonse. Bzalanipo kholowa kapena timitengo ta tsabola m'mbali mwake. Kumene kumathera madzi a ku bafa kumbani kadzenje, muthiremo zinyalala zowola, mubzale nthochi ndi mapapaya mozungulira, matope a pabwalo athe.

Bedi la masamba likhale la mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lizifika pakati osapondapo. M'litali mulimonse mmene malo alolera. Mabedi awiri kapena atatu otere, obzalidwa mosiyanitsa masabata awiri kapena atatu, amadyetsa banja osadukiza. M'dzinja akhale okwera kuti madzi asadikhe, m'chilimwe akhale olowa pansi kuti madzi asathawe. Phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba nthawi zonse. Bedi lophimbira limamwa madzi ochepa kwambiri, ndipo amene amasenza ndowa kuchokera pa mjigo mu October amadziwa kufunika kwake.

Wa lendi pa Mbulumbuzi kapena pa Namadzi, amene sangakumbe pabwalo la eni ake, atenge thumba la feteleza lakale. Pakati pake aimike mzere wa timiyala kuchokera pansi mpaka pamwamba, m'mbali adzaze dothi losakaniza ndi manyowa, aboole timabowo m'mbali mwa thumba n'kubzalamo mbande za mpiru kapena repu, pamwamba anyezi. Madzi amathira pa timiyalapo ndipo amafika ponseponse. Posamuka thumba limakwera nawo pa wilibala.

Masamba opanda feteleza angakule? Ife tinazolowera kuti popanda yureya palibe chimene ungakolole.

M'munda wa chimanga wa ekala imodzi funso limeneli ndi lovuta, chifukwa manyowa okwanira ekala ndi ngolo zambiri. Pa mabedi atatu a pakhomo n'zotheka ndithu, ndipo Chiradzulu ili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Kuno kuli alimi ambiri a ng'ombe za mkaka za m'khola, ogulitsa mkaka kudzera m'magulu a Shire Highlands Milk Producers Association, ndipo kuseri kwa khola lililonse kuli mulu wa ndowe. Kulinso mbuzi, nkhumba, ndi nkhuku, kuphatikizapo zakuda zija za ku Mikolongwe. Zitosi za nkhuku ndizo zamphamvu koposa, moti zosawola zimawotcha mbande.

Manyowa a chimato amapangidwa chonchi. Pansi yalani timitengo kapena mapesi kuti mpweya uzilowa. Kenako sanjikizani zouma, monga udzu ndi mapesi oduladula; zaziwisi, monga masamba a deliya, gilisidiya, makoko a nthochi ndi a mbatata a kukhitchini; ndowe; ndi kadothi ka pamwamba. Wazani madzi pa gawo lililonse, mubwereze mpaka mulu ufike m'chiuno, kenako muumate ndi matope n'kusiya kabowo pamwamba. Zikani kamtengo pakati. Pakapita masiku angapo kazuleni mukagwire: kakakhala kotentha ndi konyowa, zikuyenda, kakakhala kozizira ndi kouma, mulu ukufuna madzi, kakamanunkha zowola, madzi achuluka. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mumapeza dothi lakuda lofumbutuka, lonunkhira ngati m'nkhalango mvula itagwa. Ndowa imodzi kapena ziwiri pa mita iliyonse ya bedi zimakwana.

Ndowe yaiwisi isathiridwe pa masamba oti adyedwa posachedwa, chifukwa imanyamula tizilombo totsegula m'mimba. Ku America malamulo a ulimi wopanda mankhwala amafuna masiku 120 pakati pa kuthira ndowe yosawola ndi kukolola mbewu zokhudza dothi. Bonongwe amathyoledwa pasanathe mwezi ndi theka, ndiye onani nokha.

Amene akukayika kuti munthu angapeze moyo ndi ulimi wotere afunse za Tikondwe Freedom Gardens ku Dowa, munda umene malemu Dr Glyvyns Chinkhuntha anauyamba pa kamalo kakang'ono ka m'dambo mu 1982, n'kukhala sukulu yomwe alimi ndi ophunzira a zaulimi amapitako kukaona. Koma ntchito yake ndi yambiri. Feteleza amathiridwa ndi kachitsekero ka botolo. Manyowa amafuna msana.

Nanga manyowa a Mbeya aja?

Ndi othandiza kwa mlimi wa chimanga amene thumba la feteleza lamukanika, chifukwa amachulukitsa feteleza wochepa posakaniza ndi ndowe, madeya ndi phulusa n'kusunga m'thumba lotseka kwa masabata atatu. Koma muli feteleza wa m'sitolo ndithu. Ngati cholinga chanu ndi masamba olimidwa popanda feteleza, Mbeya si wanu.

Phulusa ndi madzi otsukira mbale ndingathire pa bedi mmene zilili?

Phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu ndi laimu, ndipo limachepetsa asidi m'nthaka, koma nayitirojeni, amene amabiriwitsa masamba, mulibe. Wazani pang'ono, dzanja limodzi kapena awiri pa mita, osati kukhuthula chidebe chonse pamalo amodzi. Musalisakanize ndi zitosi zaziwisi, chifukwa mphamvu ya zitosizo imauluka. Phulusa lomwe mwapsera mapulasitiki kapena mabatire likatayidwe kudzenje.

Madzi otsukira mpunga, mbatata ndi masamba ndi abwino kwambiri. Otsukira mbale, ngati alibe mafuta ndi sopo wambiri, athireni pa dothi, osati pa masamba penipeni. Ochapira okhala ndi sopo wa ufa apite ku nthochi. Ochapira matewera asayandikire dimba n'komwe.

Tizilombo tikabwera ndipopera chiyani?

Choyamba ndi maso. Dimba la pakhomo lili ndi ubwino woti mumalidutsa kangapo pa tsiku. Tembenuzani tsamba la mpiru m'mawa: nsabwe zikangoyamba zimakhala kagulu kamodzi kunsi kwa tsamba, ndipo kuthyola tsamba limenelo kumathetsa nkhani. Mbozi zodula mbande zimabisala m'dothi pafupi ndi mbande yomwe yagwa. Fukulani ndi chala mupatse nkhuku. Musabzale tomato, tsabola ndi mabiringanya pa bedi limodzimodzi motsatizana, poti ndi a banja limodzi ndipo amasiyirana matenda. Pambuyo pawo ikani nyemba kapena anyezi.

Zikachuluka, sinjani masamba a nimu kapena a ombwe, amene ena amati mthuthu, muwaviike m'madzi usiku wonse, musefe ndi nsalu, muthiremo sopo pang'ono kuti mankhwalawo amatirire, n'kuwaza madzulo dzuwa litapepa. Tsabola wowawa ndi adyo amathandizanso pa nsabwe. Za ombwe dziwani zinthu ziwiri. Akatswiri atayeza mitengo ya m'Malawi muno anapeza kuti ilipo ya mitundu iwiri yofanana maonekedwe, wina wamphamvu, wina wopanda mankhwala opha tizilombo. Choncho tengani mbewu kwa mlimi amene wake amagwiradi ntchito. Chachiwiri, ombwe amapha nsomba, ndiye zotsala zake zisatayidwe mumtsinje, ndipo masamba opoperedwa adikire masiku angapo n'kutsukidwa bwino. Kuti chinthu n'chochokera ku mtengo sindiye kuti n'chosaopsa. Madzi a fodya, amene ena amawatama, ine sindiwalimbikitsa: ndi poizoni kwa munthu, ndipo fodya amapatsira tomato matenda.

Tomato ndiye wovuta, tivomereze. Chifikireni kambozi ka Tuta absoluta cha m'ma 2016, ndi chiwawu cha nthawi ya mvula ndi chiperoni, kulima tomato wambiri popanda mankhwala n'kovuta zedi. Pakhomo bzalani mitengo yochepa, muimangirire ku timitengo, muchotse masamba a m'munsi, muthirire pansi osanyowetsa masamba. Katomato kakang'ono kongodzimerera pa dzala kaja kamapirira kuposa wa mbewu yogula.

Ndibzale masamba ati?

Amene tizilombo sitiwavutitsa ndi omwe agogo ankathyola osabzala: bonongwe, luni, chisoso, denje, limanda, pamodzi ndi nkhwani, khwanya, chitambe, kholowa ndi chigwada. Amamera msanga, mbewu zake mumasunga nokha, ndipo bonongwe amaposa kabichi kutalitali pa ayironi ndi vitamini A. N'zomvetsa chisoni kuti mlendo akabwera timathamangira kabichi, amene amafuna miyezi itatu, madzi ambiri ndi mankhwala, bonongwe n'kumamuzula ngati udzu. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi okwinimbira, ndipo masamba obiriwira otendera nsinjiro ndi gawo la yankho lomwe lili pafupi kwambiri ndi mphika.

Mpiru, kamganje, repu ndi tchayinizi zimakonda nyengo yozizira, kuyambira April mpaka August. Mbatata yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere, Chipika ndi Zondeni, imapereka kholowa pamwamba ndi vitamini A pansi. Mtengo umodzi wa cham'mwamba pakona umakwanira banja. Mbewu ya m'paketi yolembedwa F1 musasungeko mbewu, ana ake safanana ndi kholo. Masamba akachuluka mu February ndi March, afutseni: awiritseni pang'ono, muwayanike pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa la phwee limene limawononga mavitamini. Mfutso umenewo ndi ndiwo za mu October.

Zonsezi n'zabwino, koma nkhuku ndi mbuzi za aneba?

Popanda mpanda musayambe n'komwe. Anthu akangokolola, mbuzi zimamasulidwa, ndipo bedi la mpiru limatha pa mphindi zochepa, chibale n'kuthera pomwepo. Mpanda wa udzu, mapesi kapena nsungwi ukhale wothithikana m'munsi, chifukwa anapiye amalowa pa kampata kakang'ono. Neti yakale yong'ambika ingatchinge nazale, koma yatsopano yolandira kuchipatala ndi ya pa mphasa ya ana. M'kati mwa mpanda wa udzuwo bzalani mpanda wamoyo wa gilisidiya kapena nandolo, kuti udzu ukamadzawola wina akhale atakula.

Kodi ndingagulitseko?

Otsala pa mphika, inde, ndipo aneba ndiwo msika woyamba. Musayembekezere mtengo wapamwamba pa msika wa Mbulumbuzi kapena ku Limbe chifukwa choti simunapopere. Kumeneko wogula amasankha tsamba lalikulu losabooka, ndipo lanu lidzakhala ndi timabowo. Misika yolipira bwino masamba otere imafuna chiphaso, chomwe mlimi mmodzi payekha sangachikwanitse pokhapokha alowe m'gulu. Amene akufuna kufika pamenepo ayambe wakambirana ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lake, ku Thumbwe, ku Mombezi kapena ku Mbulumbuzi. Kwa ena tonsefe phindu lili pa ndalama ya ndiwo ndi ya nkhuni imene siituluka m'thumba, ndipo imeneyo mungaiwerengere nokha polemba zimene mumagula pa sabata musanayambe, n'kudzafananiza pakatha miyezi itatu.